Kulondola dzina la banja la Chidatchi: yambani ndi munthu, tanthauzo lidzakupezani

Dzina lofala kwambiri ku Netherlands ndi De Jong, ndipo limangotanthauza "wamng'ono". Linkabadwa paliponse pamene bambo ndi mwana anali ndi dzina limodzi, anthu apamudzi n'kufuna kuwasiyanitsa. Zimenezi zinachitika m'midzi yosawerengeka, pa nthawi zosiyana, m'mabanja osadziwana n'komwe. N'chimodzimodzi ndi Jansen, mwana wa Jan, kapena Bakker, wophika buledi, kapena Van Dijk, wokhala pafupi ndi chimpanda cha dothi chotchinga madzi. Choncho munthu amene amayamba ndi kusaka tanthauzo la dzina pa intaneti, kenako n'kutola aliyense wa dzinalo wa m'ma 1600 kumuyesa gogo wake, wasochera asanatuluke pakhomo. Ubale umatsimikizika ndi zikalata zolumikiza mwana kwa kholo lake, m'badwo umodzi umodzi, chobwerera m'mbuyo mpaka kufika kwa munthu woyamba kutchedwa dzinalo. Mukamupeza ameneyo, mukadziwa kumene ankakhala ndi ntchito imene ankagwira, tanthauzo limaonekera lokha.

Mwayi wake ndi wakuti Adatchi ndi anthu osunga mapepala. Zikalata zochuluka zinajambulidwa, zili pa intaneti, ndipo zambiri mumaziwerenga osalipira. Ntchito yagona pa kudziwa kuti chikalata chanji chili kuti, ndi kuzindikira pamene dzina lasintha inu muli chiyang'anire.

Munthu mmodzi, malo amodzi

Musanatsegule kompyuta, sankhani kholo limodzi limene mukulidziwa bwino: dzina lonse, chaka chobadwa ngakhale chongoyerekeza, ndipo koposa zonse, malo. Kaundula wa kubadwa, ukwati ndi imfa ankalembedwa ku ofesi ya gemeente, ndiye kuti khonsolo ya deralo. Dzina la mudzi ndi dzina la khonsolo nthawi zambiri zimasiyana, komanso makhonsolowa akhala akuphatikizidwa: m'ma 1800 analipo oposa 1,000, koma pofika 2023 anatsala 342. Imene mukuifuna ndi khonsolo imene inkalamulira mudziwo panthawi imene munthuyo ankabadwa.

Pali lamulo loteteza chinsinsi. Zikalata za kubadwa zimatsegulidwa kwa aliyense pakatha zaka 100, za ukwati pakatha zaka 75, za imfa pakatha zaka 50. Ngati agogo anu anabadwa mu 1935, chikalata chawo cha kubadwa simuchipeza pa intaneti. Mlatho wowolokera pamenepo ndi persoonskaart. Kuyambira 1939 munthu aliyense anali ndi khadi lake ku khonsolo, ndipo makhadi a anthu amene anamwalirira m'dzikomo anapita ku CBG, likulu la mbiri ya mabanja limene lili ku Den Haag. Makhadi a pepala anatha mu 1994, pamene zonse zinalowa m'kompyuta, koma zimenezonso mumaitanitsa komweko polipira kandalama pang'ono. Mumapezamo tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo onse awiri ndi masiku awo obadwa, mkazi kapena mwamuna, ndi ana. Amene anasamuka n'kukamwalirira kunja khadi lake kulibe ku CBG. Zikatero itanitsani la mchimwene kapena mchemwali wake amene anatsala, poti makolo ndi omwewo.

CBG yomweyo imasunga Nederlandse Familienamenbank, nkhokwe ya mayina imene inayambira ku Meertens Instituut. Mukalemba dzina imakuonetsani kuchuluka kwa eni dzinalo mu kalembera wa 1947 ndi mu 2007, pamodzi ndi mapu. Dzina likakhala losowa, mapuwo ndi chuma, chifukwa mumaona eni ake ataunjikana m'makhonsolo awiri kapena atatu oyandikana, ndipo mumadziwa koyambira. Likakhala De Vries kapena Visser, mapu amangodzaza dziko lonse. Pamenepo tsekani, bwererani ku zikalata.

Kuchokera lero mpaka 1811

Kaundula wa boma, burgerlijke stand, anabwera ndi Afalansa. M'madera ambiri anayamba mu 1811, dziko litalowetsedwa mu ufumu wa Napoleon chaka chapitacho. Ku Zeeuws-Vlaanderen ndi mbali za Limburg anayamba kale cha mu 1796, chifukwa kumeneko France inalanda msanga. Mabuku ankalembedwa awiriawiri, lina kukhala ku khonsolo, lina kupita ku khoti, n'chifukwa chake ngakhale kumene kunapsa moto nthawi zambiri buku limodzi linapulumuka. Posaka gwiritsani ntchito mawebusaiti a WieWasWie ndi Open Archieven, kenako mawebusaiti a zigawo monga AlleFriezen, AlleGroningers, Zeeuws Archief kapena BHIC ya ku Noord-Brabant. Zithunzi za mabuku ambiri zilinso pa FamilySearch.

Mwa zikalata zitatu zija, cha ukwati ndicho chonenepa. Pa tsamba limodzi mumapeza dzina la mkwati ndi la mkwatibwi, zaka zawo, kumene anabadwira, ntchito zawo, mayina a makolo anayi onse, ngati ali moyo kapena ayi, ndi mboni zimene nthawi zambiri amazilemba ubale wake: mchimwene wa mkwati, malume a mkwatibwi. Ukwati kawirikawiri unkachitikira kwawo kwa mkazi, ndiye mukausowa kwa mwamuna musataye mtima. Akazi m'zikalata za Chidatchi amalembedwa ndi dzina lawo lobadwa nalo moyo wawo wonse, ngakhale pa chikalata cha imfa, ndipo zimenezi zimakupulumutsani pamene m'mudzi umodzi muli amuna atatu a dzina lofanana.

Ambiri amaima pa chikalatacho, n'kusiya chuma chenicheni chili pambali. Ukwati uliwonse unali ndi mpukutu wa mapepala otsimikizira, huwelijksbijlagen. M'menemo muli makope a zikalata za kubadwa kapena za ubatizo za okwatiranawo, ndi chikalata chosonyeza kuti mwamunayo anakwaniritsa udindo wake wa usilikali, chimene nthawi zina chimafotokoza msinkhu wake, mtundu wa maso, ngakhale maonekedwe a mphuno. Popeza kwa nthawi yaitali ngakhale munthu wa zaka 29 ankayenera kupempha chilolezo cha makolo, makolowo akakhala kuti anamwalira pankafunika umboni wa imfa yawo, nthawi zina ndi wa agogo omwe. Ukwati wa mu 1815 ungakupatseni motero mayina a anthu obadwa cha m'ma 1730, ndi mpingo umene anabatizidwira okwatiranawo. Ndi mapepala amenewa amene amakuolotsani kupita kuseri kwa 1811.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa pano n'zodziwika. Choyamba ndi timawu tapatsogolo, van, de, van der, ten, ter, in 't. Adatchi amatitcha tussenvoegsel ndipo satiwerengera pondandalika mayina: Van der Meer ali pa M. Pa webusaiti pamakhala bokosi lakelake la timawuti, ndipo mukatilemba m'bokosi la dzina simupeza kanthu. Ku Belgium n'zosiyana, kumeneko Van der Meer ali pa V. Chachiwiri ndi kalembedwe. Meijer, Meyer ndi Meier akhoza kukhala abale a bere limodzi, malinga ndi mlembi amene anali pa ntchito tsikulo. Zilembo ij ndi y zimasinthana, ae wakale anasanduka aa, ck anasanduka k, uy anasanduka ui. Ikani kanyenyezi * m'malo mwa zilembo zokayikitsa kuti zonse zituluke. M'zaka za 1811 mpaka 1813 zikalata zambiri zinalembedwa m'Chifalansa, Jan n'kukhala Jean, Willem n'kukhala Guillaume.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri: kukhulupirira mndandanda wolembedwa pa webusaiti osatsegula chithunzi cha chikalata chenichenicho. Mindandandayo anaikopera ndi anthu, ambiri ongodzipereka, ndipo munthu amaphonya. Tsiku limene lili pamwamba pa chikalata cha kubadwa ndi tsiku limene bambo anakanena ku ofesi, pamene tsiku lobadwa lili m'kati mwa mawu, mwina dzulo lake kapena dzana. Komanso yang'anani m'mphepete mwa tsamba. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankalembedwa ndi dzina la mayi ake, ndipo mayiyo akakwatiwa, mwamunayo n'kumuvomereza mwanayo, mlembi ankawonjezera mawu m'mbali, mwanayo n'kutenga dzina latsopano. Mwamuna wovomerezayo si nthawi zonse anali bambo womubereka. Dzina lingathe kupitirira pamenepo magazi atakhota.

Samalaninso ndi ana a dzina limodzi m'nyumba imodzi. Mwana akamwalira, wotsatira wake ankapatsidwa dzina lomwelo. Mukapeza Jan wobadwa 1842, fufuzani ngati sanamwalire 1843, chifukwa gogo wanu akhoza kukhala Jan wa 1845.

Chaka cha 1811 ndi zimene anthu amachinamizira

Pa 18 Ogasiti 1811 Napoleon analamula kuti aliyense amene alibe dzina la banja lokhazikika asankhe limodzi n'kukalilembetsa. Anthu sanathamangire, moti lamulolo linabwerezedwa mu 1813, ndipo Mfumu Willem I inalibwerezanso mu 1825. Kuchokera apa kunabadwa nthano ziwiri zimene muyenera kuzitaya.

Yoyamba imati Adatchi analibe mayina a mabanja Napoleon asanabwere. Si zoona. M'mizinda ya m'zigawo za Holland ndi Zeeland, ku Brabant ndi ku Limburg, mabanja ambiri anali nawo kale, ena kuyambira m'ma 1500 kapena 1600. Lamulolo linakhudza makamaka anthu akumpoto, ku Friesland, Groningen ndi Drenthe, madera ena akum'mawa, ndiponso Ayuda ambiri. Amene anali ndi dzina kale sankafunika kupita, choncho kusapezeka kwa gogo wanu m'mabuku amenewa si vuto.

Yachiwiri imati anthu ankasankha mayina oseketsa pofuna kunyoza Afalansa, ndipo zitsanzo zimene amakonda ndi Naaktgeboren, "wobadwa wamaliseche", ndi Poepjes. Akatswiri a mayina anaonetsa kuti mayina otere ambiri ndi akale kuposa 1811. Naaktgeboren amaligwirizanitsa ndi mawu a Chijeremani otanthauza mwana wobadwa bambo ake atamwalira kale, ndipo Poepjes limachokera ku dzina la munthu la ku Friesland, Poppe.

Kumpotoko mwana ankadziwika ndi dzina la bambo ake, ndipo linkasintha m'badwo uliwonse. Mwana wa Pieter wotchedwa Jan anali Jan Pieters, mwana wa Jan ameneyo wotchedwa Pieter anali Pieter Jans. Chikalata cholembetsera dzina, akte van naamsaanneming, n'chachifupi koma chokoma kuwerenga. Munthu waima pamaso pa mkulu wa khonsolo, akunena kuti akutenga dzina lakuti kukhala la banja lake, kenako akutchula ana ake, nthawi zina ndi zidzukulu, zaka zawo ndi kumene akukhala. Pansi pali siginecha yake, kapena mawu akuti sadziwa kulemba. Za ku Friesland mungazisake pa AlleFriezen. Pamenepa ndi pamene mayina ambiri othera ndi -stra ndi -ma anakhazikika: Dijkstra wokhala pa chimpanda cha madzi, Hoekstra wokhala pa ngodya, Terpstra wokhala pa chulu chomangidwa ndi anthu pothawa madzi osefukira. Abale awiri okhala m'midzi yosiyana ankatha kusankha mayina osiyana, pamene anthu osadziwana ankatha kusankha limodzi. Ngati dzina lanu ndi la mtundu umenewu, chikalata chimenechi ndiye chiyambi chake chenicheni. Kuseri kwake makolo akupitirira, koma dzinalo kulibe.

Chokuthandizani ndi chakuti kumpotoko anthu anapitiriza kuika dzina la bambo pakati. Mukaona Jan Pieters Hoekstra, mwadziwa kale kuti bambo ake ndi Pieter.

Kum'mawa, ku Twente ndi Achterhoek, nkhani ndi ina ndithu, ndipo apa ndi pamene ofufuza ambiri amagwa. Dzina linali la munda, osati la magazi. Mayina othera ndi -ink kapena -ing, monga Hesselink, ndi mayina a mafamu, ndipo wokhalapo ankatchedwa dzina la famuyo. Mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pafamu n'kukakhala pomwepo ankasiya dzina lake n'kutenga la famu. Banja likasamukira pa famu ina, dzina linkasinthanso, moti munthu mmodzi akhoza kubatizidwa ndi dzina lina, kukwatira ndi lina, n'kuikidwa m'manda ndi lachitatu. Mayina oyamba ndi Klein, Groot, Oude kapena Olde amasonyeza famu imene inagawika kapena kanyumba ka okalamba pafamupo. Kumeneko muyenera kulondola mayina oyamba a mwamuna ndi mkazi pamodzi, ndi mbiri ya famuyo, apo ayi mulumikiza mabanja amene ubale wawo ndi denga lokha.

M'mabuku a mipingo

Kuseri kwa 1811 mumadalira mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro, amene Adatchi amawafupikitsa kuti DTB. Choyamba dziwani mpingo wa banjalo. Mpaka 1795 mpingo wa Gereformeerde ndiwo unali wovomerezeka ndi boma, ndipo Akatolika ndi ena, kuti ukwati wawo uzindikirike, ankayenera kukaumangitsa kwa m'busa wa mpingowo kapena kwa oweruza a mzinda, malinga ndi chigawo. Choncho ukwati umodzi ungapezeke m'mabuku awiri. Mabuku a Akatolika ali m'Chilatini: Jan ndi Joannes, Hendrik ndi Henricus, Geertruida ndi Gertrudis. A mpingo wa Doopsgezind, amene anali ambiri ku Friesland ndi Noord-Holland, sankabatiza makanda, ndiye ubatizo wa munthu mudzaupeza ali kale wamkulu.

Zolembedwa za nthawiyi n'zouma. Ubatizo ungangonena tsiku, dzina la mwana, la bambo, mwina la mayi, ndi mboni. Mbonizo musazidumphe, chifukwa kawirikawiri ndi agogo, azakhali ndi amalume. Mwambo wotcha ana unalinso wamphamvu: ana oyamba aamuna ankatenga mayina a agogo aamuna a mbali zonse ziwiri, aakazi a agogo aakazi. Si lamulo, koma mukandandalika ana onse a banja limodzi motsatana, mayina a m'badwo wam'mbuyo amayamba kuoneka. Tizilembo -sz. ndi -dr. pamapeto pa dzina tikuimira "mwana wamwamuna wa" ndi "mwana wamkazi wa".

M'mabuku a ukwati mudzakumana ndi j.m. ndi j.d., kutanthauza mnyamata kapena mtsikana amene sanakwatirepo, kenako van ndi dzina la malo. Mawu akuti "j.m. van Deventer" akunena kuti mnyamatayo ndi wochokera ku Deventer, si dzina la banja. Koma mayina ambiri oyamba ndi Van anabadwa m'njira yomweyi, mlendo akamatchedwa ndi dzina la kwawo mpaka linamukanirira. Pachifukwa chimenechi van wa Chidatchi sasonyeza kuti banjalo ndi lachifumu. Ku Amsterdam mabuku a ondertrouw, olembetsera ukwati usanachitike, ali pa webusaiti ya Stadsarchief, nyumba yosungira zikalata za mzindawo, ndipo ambiri amatchula zaka ndi kochokera kwa aliyense. Mumzinda umene unkadzaza ndi alendo, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Mabuku a mipingo akatha kapena akasokoneza, pitani ku zikalata za anotale, za makhoti a m'deralo, ndi za weeskamer, ofesi imene inkayang'anira chuma cha ana amasiye. Chikalata chimodzi chogawa chuma cha masiye chimatchula ana onse ndi amuna kapena akazi awo, ndipo chimathetsa mkangano umene maubatizo khumi sangauthetse. Pa masiku, kumbukirani kuti Holland ndi Zeeland anayamba kalendala yatsopano cha pa 1582 ndi 1583, pamene Friesland, Groningen, Drenthe, Overijssel, Gelderland ndi Utrecht anadikira mpaka 1700 kapena 1701, ndiye pakati pa zaka zimenezi pali kusiyana kwa masiku khumi. Ndipo zina zinatayikiratu: ku Middelburg zikalata zambiri zakale za mzinda zinapsa pa nkhondo mu Meyi 1940.

Mayina ovala chovala cha eni

Si dzina lililonse lomveka Chidatchi limene linabadwira ku Netherlands. Mzinda wa Antwerpen utagwa m'manja mwa Spain mu 1585 anthu ambiri a kum'mwera anathawira kumpoto. Pambuyo pa 1685 kunabwera Apulotesitanti othawa ku France, amene mabuku awo ali m'mipingo ya Waalse, yolankhula Chifalansa. Ajeremani ankabwera chaka ndi chaka kudzamweta udzu ndi kukwera zombo, ena n'kukhazikika. Mlembi ankalemba zimene khutu lake lamva, kapena kumasulira dzinalo m'Chidatchi. Ophunzira ena ankatembenuzira mayina awo m'Chilatini: Faber ndi wosula zitsulo, Nauta ndi woyendetsa bwato. Ku Suriname, ukapolo utathetsedwa pa 1 Julayi 1863, anthu omasulidwa anapatsidwa mayina, ena opangidwa potembenuza mawu, monga Vriesde kuchokera ku De Vries ndi Madretsma, amene ndi Amsterdam wowerengedwa chobwerera. Mabuku a akapolo ndi a kumasulidwa kwawo ali pa webusaiti ya Nationaal Archief, kumene kulinso mndandanda wa anthu amene anakwera zombo za VOC, kampani ya Chidatchi imene inkachita malonda ku Asia, wotchula kwawo kwa aliyense. Mndandanda umenewu ndi wofunika kwa mabanja amene anakhazikika ku Cape, ku South Africa, kuyambira 1652. Ku America timawu tapatsogolo tinamatirira ku dzina, Van der Bilt n'kukhala Vanderbilt, Dijkstra n'kukhala Dykstra.

Za zishango za mabanja zogulitsidwa pa intaneti ndinene mwachidule: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chishango chinali cha banja linalake, osati cha aliyense wa dzinalo, ndipo popanda zikalata zokulumikizani ndi banjalo, si chanu. Kuyeza kwa Y-DNA, chibadwa chimene mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake, kumathandiza pa funso limodzi, lakuti kaya amuna awiri a dzina lofanana ali ndi kholo limodzi la mzere wa abambo. Pa mayina a mafamu a ku Twente yankho likhoza kukhala ayi ngakhale mabanja onse awiri ali eni dzina enieni.

Mukamupeza woyamba kutchedwa dzinalo, bwererani kudera lake ndi mapu. Kadaster, kaundula wa malo, anayamba kugwira ntchito mu 1832, ndipo mapu ake oyamba pamodzi ndi matebulo otchula mwini munda aliyense, ntchito yake ndi mtundu wa malowo, ali pa intaneti, mwa zina pa HisGIS. Dziko la Netherlands ndi lathyathyathya, koma Van den Berg, "wa kuphiri", ndi limodzi mwa mayina ofala kwambiri. Phiri lake nthawi zambiri limakhala kamtunda ka mchenga kapena famu yotchedwa De Berg. Fananizani nambala ya munda pa tebulo ndi ya pa mapu, kenako ikani mapuwo pambali pa chithunzi cha lero chojambulidwa kuchokera m'mwamba, muone ngati kamtundako kadakalipo.